Munda Unkadikira, Tikiti Sinkadikira

Nkando ali pamsewu wa Midima, uja wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, m'chigwa chomwe mtsinje wa Thuchila umadutsamo. Kuno si kwa tiyi ayi. Tiyi ali uko m'tsinde mwa phiri kumene mvula siidukiza, pamene ife kwathu timadalira chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata. Komabe kwa zaka zoposa 100 anthu a kuno akhala akupita kukagulitsa thukuta lawo kwina: ku maesiteti a Mulanje ndi Thyolo, ku mafakitale a ku Limbe ndi Blantyre, ku migodi ya ku Joni. Za amuna omwe ankapita ndi kubwerako zinalembedwa zambiri. Ine ndikufuna kulemba za amayi omwe ankayamba ntchito, n'kuisiya chifukwa pakhomo pagwa zofuna manja awo, kenaka n'kumafuna kubwereranso. Anganga anga zinawachitikira, amayi anga zinawachitikira, inenso zinandichitikira, koma aliyense wa ife anapeza khomo lake lake pobwerera.

Ndiyambire kumunda, poti ndiyo ntchito yakale kuposa zonse. Kuno, kaya ndi kwa Alomwe, Amang'anja kapena Ayao, ukwati ndi wa chikamwini. Mwamuna ndiye amachoka kwawo kudzamanga nyumba kwa mkazi, ndipo munda umachoka m'manja mwa mayi kupita m'manja mwa mwana wake wamkazi. Mwinimbumba, mlongo wa amayiwo, amayang'anira ndi kuweruza, koma mizere ndi ya mkazi. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a nkhani yonseyi. Mkazi akachira ankalowa m'chikuta, osatuluka kufikira mchombo wa mwana utagwa. Azamba ndi amayi akuluakulu ndiwo ankalowamo, kumuphikira phala, kumusambitsa madzi ofunda, kumulangiza za kasamalidwe ka khanda. Tsiku lotuluka ankameta mwana tsitsi, kumusambitsa mankhwala ndi kumuonetsa kwa abale. Zikatero mayiyo sankathamangira khasu. Achemwali ake, amayi ake aang'ono ndi atsikana a pamudzi ankamutungira madzi, kumusinjira mphale, ndipo ngati ndi nthawi ya dzinja ankayamba apalira munda wake asanapite kwawo. Patapita miyezi pankabwera mwambo wotenga mwana, wotsegulira bambo ndi mayi kuti akhalirenso limodzi. Zonsezi zinali ndi ndondomeko yake: polowera pankadziwika, potulukira pankadziwikanso. Mayi akabwerera kumunda palibe yemwe ankamufunsa kuti unali kuti nthawi yonseyi, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kumene anali, ndipo unkaona kuti kumeneko analinso pantchito.

Moyo umenewo sunali wofewa. Amayi ambiri ankafera m'chikuta momwemo, ana ankafa asanayambe kuyenda, ndipo chaka cha njala mbumba inkalephera kusenzana. Mayi akayambanso kulima, khanda ankalisiya pamthunzi m'manja mwa mlezi, kamtsikana kakang'ono komwe nthawi zambiri sikankapondako kusukulu chifukwa cha ntchito yomweyo. Koma chinthu chimodzi chinali chotsimikizika: munda wa mayi wapachikuta, kapena wa mayi yemwe wapita kukadwazika matenda kumudzi wina, sunkapatsidwa kwa munthu wina.

Ntchito yolembedwa inafika ndi azungu a minda ikuluikulu. Mu 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku Thornwood, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pogwiritsa ntchito mbewu yochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo John Moir anachitanso chimodzimodzi ku Lauderdale. Boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba, n'kuukonza mwanjira yoti yemwe wagwirako ntchito mwezi kwa mzungu azilipira theka lokha. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera ku Luchenza, pafupi ndi kwathu pomwepa. M'zaka zomwezo Alomwe ankaoloka malire mwaunyinji kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Ambiri mwa iwo malo okhala anawapeza m'minda ya azungu, ndipo lendi yake inali thangata: kugwira ntchito kwa mwini esiteti miyezi yomwe iye wafuna, makamaka dzinja, nthawi yomwe munda wako ukufunanso khasu. Ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce, ngakhale amayi amasiye ndi osakwatiwa ankakakamizidwa thangata, ndipo nkhanza za kumeneko ndi zina mwa zomwe zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915. Thangata anadzathetsedwa mwalamulo mu 1962, dziko lili pafupi kudzilamulira.

Makolo a anganga anga anali m'gulu la ooloka malirewo. Anganga anakulira m'mudzi wa pa esiteti ina ya tiyi, banja lisanapeze malo kuno ku Nkando, ndipo anayamba kutchola masamba adakali mtsikana. Inali nthawi yomwe tiyi anali atakwera mtengo, mayiko olima tiyi atagwirizana mu 1933 zochepetsa tiyi wopita kumsika, ndipo maesiteti a ku Nyasaland ankakula chaka ndi chaka. Zomwe ankandiuza ndili mwana ndimazikumbukira bwino. Wantchito aliyense ankapatsidwa tikiti. Tsiku lomwe wamaliza gawo lako, kapitawo kapena kalaliki ankachonga. Tsiku lomwe sunamalize silinkawerengedwa ngakhale unaweramira tiyi kuyambira mbandakucha. Tikiti ikadzaza ndiye unkalandira ndalama, ndipo pakati pa sabata pankakhala phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Mayi woyembekezera ankatchola mpaka mimba itayamba kugunda nthambi. Akasowa masabata angapo, kapitawo ankangodula mzere padzina lake m'buku, basi.

Chodabwitsa n'chakuti kubwerera sikunali kovuta. Tiyi amaphukira kwambiri kuyambira December mpaka April, nthawi yomweyo yomwe aliyense amafuna kukhala m'munda mwake, choncho azungu ankasowa manja chaka chilichonse. Robin Palmer, yemwe anafufuza za antchito a m'maesiteti a tiyi a zaka za 1930 mpaka 1953, analemba za kusowa kwa antchito a dzinjaku ndi momwe anthu ankajombera kuti akapalire kwawo. Anganga akabwera ndi mwana kumbuyo ndi dengu m'manja, ankalembedwa tsiku lomwelo. Koma ankalembedwa ngati mlendo. Ankati kapitawo ankawafunsa dzina ngati sanawaonepo, pamene anali munthu yemwe anadya nawo nsima pamaliro a pamudzi. Anabereka ana angapo, ndipo mwana aliyense ankawabweza poyambira. Mwamuna yemwe anayamba nawo limodzi ankatha kukwera n'kukhala kapitawo, mlonda kapena wa m'fakitale yofotsera ndi kuumitsa masamba, ntchito za chaka chonse zokhala ndi nyumba. Mkazi ankakhala wotchola wa dzinja mpaka msana utakana. Luso lomwe anali nalo, lodziwa kutenga masamba awiri ndi nsonga mwachangu osavulaza mtengo, linkaonekera pasikelo pokha, osati m'buku la maina.

Pali chinthu chomwe chimandiwawa ndikayerekeza ndi amuna a nthawi ya pambuyo pake. Amalume anga anapita ku Joni. Kamuzu analetsa Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi, mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera ku migodi, koma mu 1977 ulendo unayambiranso pansi pa bungwe la Theba mpaka 1988. M'zaka zimenezo mwamuna akamaliza kontirakiti ankatha kupatsidwa pepala lomutsimikizira kuti akapuma kumudzi adzabwerera kumgodi wake, pantchito yake, pamalipiro ake. Eni migodi anali ataona kuti munthu wodziwa kale ntchito ndi chuma. Nzeru imeneyo inalipo ndithu. Kungoti palibe yemwe anaganiza zoigwiritsa ntchito pa mkazi wopita kukachira.

Amayi anga anali a m'badwo wa Limbe. Fodya anayamba kugulitsidwa pa okushoni kumeneko mu 1938, ndipo dziko litalandira ufulu mafakitale anachuluka, kuphatikizapo ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre yomwe inatsegulidwa mu 1967. Amayi, omwe anafika Sitandade 6, analembedwa pakampani ina yosankha fodya. Ankanyadira kwambiri ntchito imeneyo. Ankadziwa kusiyanitsa masamba ndi maso ndi zala, ndipo mkulu wawo anayamba kuwapatsa atsikana atsopano kuti aziwaphunzitsa. Ndili m'mimba ine, anganga anagwa ndi matenda ofa ziwalo mbali imodzi. Kwathu kuno funso loti apite kukadwazika ndani silivuta kuyankha: ndi mwana wamkazi. Amalume ankatumiza ndalama ndi bulangete, koma mlongo sangasambitse mayi ake. Amayi anatsanzika kuntchito ndi pakamwa, mkulu uja n'kuwauza kuti pitani, mukadzabwera mudzatipeza.

Atabwerera, ine ndikuyenda kale ndipo anganga ataikidwa m'manda, anapeza mkulu wina. Mmodzi mwa atsikana omwe anawaphunzitsa ndiye anali pamalo pawo. Anauzidwa kuti akaime pageti limodzi ndi ofuna ntchito ena nyengo ya fodya ikayamba. Anaimapo, koma anthu anali ochuluka kuposa nthawi ya anganga, ndipo pageti ankasankha achinyamata. Apa ndi pomwe mbiri inatembenukira. Kale manja ankasowa, ndiye wobwerera ankalandiridwa ngakhale ngati mlendo. Tsopano manja anachuluka, minda ya kuno inachepa chifukwa chogawanagawana, ndipo wochoka pamzere sankapezanso polowera.

Msika wa Nkando ndiwo unawalandira, monga walandirira amayi ambiri otere. Anagulitsa mbuzi, n'kuyamba geni ya matemba ndi milamba youma yomwe ankakapikula kwa asodzi a ku nyanja ya Chilwa. Geni ilibe kapitawo wodula dzina, koma nayonso siidikira munthu. Mpamba uli ngati moto wa pamafuwa: ukachokapo osasonkhezera, umapeza phulusa. Mwana akagonekedwa kuchipatala, ndalama ya nsomba ndiyo inkagula mankhwala ndi kulipira thiransipoti, makasitomala n'kuzolowera benchi la wina. Amayi anagwa ndi kudzuka kangapo konse. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 anasinthira ku nandolo ndi tomato. Sanalembedwenso ntchito moyo wawo wonse, koma mpaka ukalamba akaona fodya wa munthu pakhonde ankamugwira n'kunena giredi yake.

Ine mwayi wanga unabwera ndi matipate. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'masukulu, ndipo aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira za uphunzitsi analembedwa mwachangu. Ndinali mmodzi wa iwo. Tinkaphunzitsa pansi pa mitengo, kalasi imodzi ana osawerengeka, tikudikira nthawi yathu yokachita kozi. Chaka cha 1993 boma linali litalolanso kuti mtsikana yemwe wachoka sukulu chifukwa cha mimba azibwerera akachira, ndipo ndinaona ndi maso anga atsikana oyamba kubwerera, amanyazi, anzawo akuwanong'oneza. Ndinkawalimbikitsa osadziwa kuti posachedwa ndidzakhala ine wofuna kubwerera.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Mulanje linali limodzi mwa maboma omwe anakanthidwa koopsa. Yemwe sanakhale kuno nthawi imeneyo sangamvetse. Maliro ankagundana, makasu okumbira manda osauma dothi. Odwala ankachoka m'tauni kubwera kumudzi, chifukwa kwathu kuno munthu amafera kwa amayi ake. Achemwali anga aakulu anabwera choncho kuchokera ku Limbe, amuna awo atatsogola kale, ali ndi ana atatu. Amayi anali atatopa. Kudwazika matenda amenewa inali ntchito ya usana ndi usiku: kuchapa, kutembenuza wodwala, kumwetsa phala ndi supuni, kupita naye kuchipatala panjinga ndi kubwera naye opanda mankhwala enieni. Ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Kwa achemwali anga, ndi kwa ena ambiri a m'badwo wawo, anafika mochedwa.

Poyamba ndinkajomba tsiku limodzi limodzi, aphunzitsi anzanga n'kumandigwirira kalasi. Kenaka masabata. Tsiku lina ahedi anabwera kunyumba, anakhala pakhonde, anaona okha mmene zinthu zinalili, ndipo anati, "Madamu, ine sindingakuuzeni kuti musiye achemwali anu. Koma buku la siginecha silinama, ndipo sindingapitirize kulibisa." Sanali munthu woipa. Analibe pepala lililonse loti n'kulembapo kuti mphunzitsiyu wapita kukadwazika ndipo adzabwera. Ndinasiya, ndipo nthawi yanga ya kozi inandidutsa.

M'chaka cha 2000, ine ndili pakati pa zimenezi, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la ntchito. Kwa nthawi yoyamba mayi aliyense wolembedwa ntchito, kaya pa esiteti, m'sitolo kapena m'fakitale, anapatsidwa ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lamulolo linanenanso kuti akabwerako abwerere pantchito yake yomwe ija, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. Bungwe la zantchito padziko lonse la ILO linali litayamba kunena za tchuthi chotere mu 1919, anganga asanayambe n'komwe kutchola tiyi, ndipo m'chaka chomwecho cha 2000 linakweza muyeso wake kufika masabata 14. Athu ndi 8, koma sindingawapeputse. Akanakhalapo kale, dzina la anganga silikanadulidwa m'buku. Mu 2021 lamuloli linakonzedwanso, n'kupatsa bambo masabata awiri mwana akabadwa, komanso mayi nthawi yoyamwitsa ali kuntchito.

Koma taonani chomwe chinachotsa amayi anga pantchito, ndi chomwe chinandichotsa ine. Sichinali chikuta chokha. Anali matenda a kholo, matenda a m'bale, ana amasiye. Zimenezi sizitha pa masabata 8, ndipo sizibwera kamodzi pa zaka zitatu. Lamulo limadziwa mayi wobereka, koma wodwazika silimudziwa, ngakhale kuti m'zipatala zathu wodwala sagonekedwa popanda womudikirira, womuphikira kukhitchini ya kunja ndi kugona pansi pambali pa bedi. Pitani mukaone kuti ogona pansiwo ndi ndani. Ndiponso lamulo limagwira bwino munthu wa kontirakiti yokhazikika. Mayi wolembedwa dzinja lokha, kontirakiti yake ikatha mu April kapena May ali ndi pakati, palibe yemwe wamuchotsa. Nyengo yangotha, ndipo chaka chamawa adzaima pamzere ngati wina aliyense. Wa ganyu ndi wa geni, omwe ndiwo ochuluka kuno ku Nkando, lamuloli amangolimva pawailesi. Ku tiyi zinthu zinayamba kusuntha pamene bungwe la antchito a m'minda la PAWU linasayinirana mgwirizano woyamba ndi bungwe la eni maesiteti mu 2016, ndipo ndimakhulupirira kuti pagome ngati limenelo ndi pomwe nkhani ya antchito a dzinja iyenera kukambidwa.

Kubwerera kwanga kunatenga nthawi yaitali kuposa kudwazika komwe. Achemwali atamwalira ndinatsala ndi ana awo ndi anga, kenaka njala ya 2002 inatipeza tilibe kanthu. Ana atakulako ndinapita ku ofesi ina kukafunsa za ntchito yanga. Ananditumiza ku ofesi ina, kumeneko anati fayilo sikuoneka, ndipo bambo wina anandifunsa kuti, "Nanga zaka zonsezi mumatani, mayi?" Ndinayankha kuti ndimadwazika ndi kulera. Analemba papepala kuti sindimagwira ntchito.

Ndinayambira pansi. Komiti ya sukulu ina yapafupi inkafuna mphunzitsi wothandizira, wolipidwa ndi zopereka za makolo, mwezi wina kulandira, mwezi wina ayi. Tsiku loyamba choko chinkanjenjemera m'manja. Silabasi inali itasintha, mabuku ena sindinawaonepo, ndipo aphunzitsi ena anali ana omwe ndinawaphunzitsa ine Sitandade 2. Mmodzi wa iwo, mtsikana waulemu, ankakhala nane tikaweruka n'kumandionetsa kalembedwe katsopano ka mapulani a phunziro, akunditchulabe kuti madamu. Koma ndinazindikiranso kuti zaka zija sizinapite pachabe. Mwana wogona ndi njala ndinkamudziwa asanatsegule pakamwa. Mwana yemwe kwawo kuli matenda ndinkamuona pa kolala ya yunifolomu. Kalasi yodzaza sinkandiopsanso, poti munthu yemwe wachezera usiku ndi wodwala wosatha kumeza saopa phokoso la ana. Boma litayambitsa mu 2010 maphunziro a uphunzitsi ochita uli pasukulu yakumudzi, ndinalowa nawo, ndikuwerenga ndi nyali limodzi ndi ana anga omwe ankakonzekera mayeso awo. Satifiketi ndinaipeza tsitsi litayamba imvi. Zaka zanga za penshoni zimawerengedwa kuyambira pamenepo. Anzanga omwe tinayamba limodzi mu 1994 ena ndi ahedi, ena anapuma kale ndi ndalama zomangira nyumba.

Lero pali zinthu zomwe amayi anga sanazione. Pali masukulu a mmera mpoyamba m'midzi, momwe mayi amatha kusiya mwana m'mawa n'kupita kumsika, ngakhale kuti olera anawo ambiri ndi amayi anzathu ongodzipereka. Pali banki m'khonde, yomwe yadzutsa geni zambiri zomwe zinafa ndi matenda kapena maliro, ndipo namondwe wa Freddy atawononga Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 ndinaona magulu ena akuimitsa chiwongoladzanja kuti anzawo apume. Pali ma ARV, omwe abweza kuntchito odwala ndi owadwazika omwe.

Mwana wamkazi wa achemwali anga aja, yemwe ndinamulera, amagwira ntchito m'sitolo ina yaikulu ku Limbe. Chaka chatha anachira. Anapatsidwa masabata ake 8, malipiro osadulidwa, ndipo atabwerera anapeza malo ake akumudikira. Ndinalira ndi chimwemwe, chifukwa m'banja mwathu ndiye woyamba. Koma khanda la miyezi iwiri silingatsale lokha m'nyumba ya lendi, ndipo malipiro ake sangakwane wantchito. Tinakhala pansi monga mbumba, amalume ake ali pomwepo, n'kugwirizana kuti mng'ono wanga wa kwa amayi aang'ono apite ku Limbe akalere mwanayo mpaka atasiya kuyamwa. Iyeyu anali ndi benchi la tomato ndi anyezi pamsika wa Nkando, lomwe analimanga ndi ngongole ya banki m'khonde. Ngongoleyo tikumubwezera ife pang'onopang'ono, ndipo pabenchi pake pakugulitsa munthu wina.